Mpingo pakati pa mfuti ku Haiti

Ansembe abedwa, masisitere aphedwa, matchalitchi atsekedwa. M'dziko la Haiti, komwe magulu a zigawenga adalanda likulu, Akhristu akhala akufunsana kuti athawe, amenye nkhondo, kapena akhale pomwepo n'kumatumikira. Sabata ino tikuunika zomwe zachitika kumeneko kuyambira mu 2021.

Loweruka pa 26 Ogasiti 2023, anthu mazanamazana a mpingo wina mumzinda wa Port-au-Prince, likulu la dziko la Haiti, adatuluka m'tchalitchi atavala malaya achikasu. Ena adanyamula zikwanje, ena ndodo. Wowatsogolera adali mbusa wawo, Marcorel Zidor, yemwe anthu amangomutchula kuti Pastor Marco.

Ulendowo udali wa ku Canaan, dera lomwe lili kumpoto kwa mzindawu, kukathamangitsa gulu la zigawenga lomwe lidalanda deralo. Anthuwa adanyamuka atatsimikiziridwa kuti chipolopolo sichingawalowe.

Atafika, zigawengazo zidayamba kuwaombera. Omenyera ufulu wa anthu m'dzikolo adati anthu osachepera 7 adafa, ena adavulala, ena adagwidwa. Patangopita masiku ochepa, mbusayo adauza wailesi ina kuti omwe adafawo ndi omwe chikhulupiriro chawo chidagwedezeka.

Munthu akhoza kupukusa mutu n'kunena kuti anthuwa adapusa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kuti mayi wa ana asiye poto pamoto n'kukakumana ndi mfuti atanyamula ndodo, ndiye kuti kwina konse komwe akadakadandaula kudali kotseka.

Dziko lopanda mwini

Haiti ndi dziko la anthu akuda lomwe lili pachilumba china m'nyanja ya Caribbean, kummwera chakummawa kwa America. Makolo a anthu ake adali akapolo ochokera kuno ku Africa. Akapolowo adaukira atsamunda a ku France ndipo pa 1 Janyuwale 1804 adalengeza ufulu wodzilamulira. Mu 1825 dziko la France lidawalamula kuti alipire ndalama zokwana 150 miliyoni francs ngati chipukuta misozi kwa eni akapolo, ngongole yomwe idafoola dzikolo kwa mibadwo.

Lero dzikoli lili ndi anthu oposa 11 miliyoni, ndipo ambiri ndi Akhristu, Akatolika ndi a mipingo ina. Palinso chipembedzo cha makolo chotchedwa Vodou chomwe ambiri amachitsata pambali pa tchalitchi.

Pa 12 Janyuwale 2010 chivomerezi chidagwetsa mzinda wa Port-au-Prince n'kupha anthu omwe boma lidati adaposa 200 000. Tchalitchi lalikulu la Akatolika lidagwa ndipo arkiepiskopi wa mzindawu, Joseph Serge Miot, adafera pangoziyo. Omwe adapulumuka koma opanda pogona adakamanga zisakasa paphiri louma kunja kwa mzinda, n'kulitcha malowo Canaan, dzina la dziko lamalonjezano. Ndi komweko komwe a malaya achikasu aja adakafera patatha zaka 13.

Zinthu zidafika poipitsitsa pa 7 Julayi 2021 pomwe mtsogoleri wa dzikolo, Jovenel Moïse, adaphedwa m'nyumba mwake usiku. Chisankho chomaliza cha mtsogoleri wa dziko chisanachitike chiwembuchi chidali cha mu 2016, ndipo pofika Janyuwale 2023 m'dziko lonse mudalibe ngakhale munthu mmodzi wokhala pampando chifukwa chovoteredwa.

Magulu a zigawengawa sadagwe kumwamba. Kwa zaka zambiri andale ndi amalonda ena akuluakulu akhala akupatsa mfuti ndi ndalama anyamata a m'makomboni kuti aziopseza adani awo, kusokoneza zionetsero ndi kulondera katundu. Banja la Duvalier, lomwe lidalamula kuyambira 1957 mpaka 1986, lidali ndi asilikali ake apadera otchedwa Tonton Macoute. Ngakhale boma la Jean-Bertrand Aristide, yemwe adali wansembe asanalowe ndale, lidadzudzulidwa kuti linkagwiritsa ntchito anyamata a mfuti a m'makomboni.

Galu woweteredwa kuluma alendo adadzatembenukira mbuye wake. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 magulu omwe kale ankamenyana okhaokha adayamba kuukira limodzi pansi pa dzina loti Viv Ansanm, kutanthauza kukhala limodzi. Mneneri wawo adali Jimmy Chérizier, yemwe kale adali wapolisi. Adathyola ndende ziwiri zikuluzikulu n'kutulutsa akaidi oposa 4 000, adatseketsa bwalo la ndege, ndipo nduna yaikulu Ariel Henry, yemwe adali paulendo ku Kenya, adalephera kubwerera kwawo mpaka adatula pansi udindo.

Bungwe la United Nations lidati m'chaka cha 2024 chokha anthu oposa 5 600 adaphedwa pa ziwawazi. Pofika pakati pa 2025 anthu 1.3 miliyoni adali atathawa m'nyumba zawo, ndipo zigawenga zidali zikulamulira pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a likululo.

Bwanji akusaka a mpingo?

Kale kolala ya wansembe ndi mpango wa sisitere zinkalemekezedwa ngakhale ndi mbava. Ulemu umenewo udatha pomwe kuba anthu n'kumafuna dipo kudasanduka bizinesi.

Zigawenga zimawerengera. Zikagwira mayi wogulitsa makala, abale ake asonkha zochepa. Zikagwira wansembe kapena mmishonale, zimadziwa kuti kumbuyo kwake kuli dayosizi, kuli abwenzi a kunja, kuli madola.

Pa 11 Epulo 2021 gulu lotchedwa 400 Mawozo lidagwira anthu 10 ku Croix-des-Bouquets, kummawa kwa likulu. Mwa iwo mudali ansembe 5 ndi masisitere 2, ndipo awiri adali nzika za France. Mpingo wa Katolika udatseka sukulu ndi maofesi ake kwa masiku angapo posonyeza kukwiya. Onse adamasulidwa mwezi usanathe.

Pa 16 Okutobala chaka chomwecho gulu lomwelo lidaimitsa basi ya bungwe la Christian Aid Ministries la ku Ohio, m'dziko la America, ikuchokera kukayendera nyumba ya ana amasiye. M'basimo mudali anthu 17 akunja, 16 a ku America ndi mmodzi wa ku Canada. Asanu adali ana, wamng'ono zedi wa miyezi 8. Zigawengazo zidati zikufuna madola 1 miliyoni pa mutu uliwonse.

Awiri adamasulidwa mu Novembala, atatu kumayambiriro kwa Disembala. Bungwelo lidati 12 otsalawo adathawa okha usiku pakati pa Disembala, atakhala m'manja mwa zigawenga miyezi iwiri, ndipo adayenda m'thengo atanyamula ana mpaka kudacha. Kenaka akuluakulu a bungwelo adalengeza poyera kuti awakhululukira omwe adawachita chipongwecho.

Nkhani ya kukhululukayo idakhudza anthu ambiri. Koma pali mbali ina yomwe idatulukira m'khoti.

Mmodzi mwa atsogoleri a 400 Mawozo, Joly Germine, ankayendetsa gululo pafoni ali m'ndende ku Haiti. Adatumizidwa ku America mu 2022, ndipo mu 2024 khoti la kumeneko lidamugamula kukakhala kundende zaka 35 pa mlandu wozembetsa mfuti. Umboni udasonyeza kuti ndalama za dipo zomwe gululo linkalandira pa anthu ena obedwa zinkatumizidwa ku Florida kukagula mfuti, mfutizo n'kuzembetsedwa kulowa m'Haiti. Mu 2025 adapezekanso wolakwa pa mlandu wa amishonale aja.

Apa ndiye pali njakata ya mpingo. Ukapanda kulipira, m'bale wako afa. Ukalipira, wagulira mfuti yoti ikagwire wina mawa. Haiti ilibe fakitale ya mfuti. Zambiri zimachokera ku America, dziko lomwelo komwe kumachokera amishonale ambiri.

Akhale kapena achoke?

Boma la America lakhala likuchenjeza nzika zake kuti zisapite ku Haiti, ndipo mabungwe ambiri a mishoni adabweza antchito awo akunja. Ena adakana kuchoka.

Pa 23 Meyi 2024 zigawenga zidalowa pamalo a bungwe la Missions in Haiti, kumpoto kwa likulu, komwe kudali sukulu, tchalitchi ndi nyumba ya ana. Zidapha anthu atatu: Davy Lloyd wa zaka 23, mkazi wake Natalie wa zaka 21, ndi Jude Montis, nzika ya Haiti yemwe ankayang'anira ntchito za bungwelo. Davy adali mwana wa omwe adayambitsa mishoniyo. Adakulira ku Haiti ndipo ankalankhula chiyankhulo cha komweko.

Imfazi zidabutsa mtsutso pakati pa Akhristu. Ena adati m'busa weniweni sasiya nkhosa fisi akafika, ndipo ukalera ana amasiye sungawatsekere m'nyumba n'kukwera ndege. Ena adati kupezeka kwa mzungu pamalo kumaitana zigawenga, ndiye kumaika pa chiswe moyo wa ana omwewo ndi antchito akuda omwe alibe kothawira.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Pa 3 Ogasiti 2025 zigawenga zidathyola nyumba ya ana ya Sainte-Hélène ku Kenscoff n'kutenga Gena Heraty, mmishonale wa ku Ireland yemwe wakhala akusamalira ana olumala ku Haiti kuyambira mu 1993. Sizidamutenge yekha. Zidatenganso antchito anzake a ku Haiti ndi mwana wa zaka 3. Onse adamasulidwa kumapeto kwa mwezi womwewo. Ndani anganene kuti mayi yemwe wakhala ndi ana amenewa zaka zoposa 30 akadawasiya? Nanga ndani angakane kuti dzina lake ndilo lidakweza mtengo?

Chomwe chimaiwalika pa mtsutsowu n'chakuti funso loti akhale kapena achoke ndi la anthu okhala ndi chiphaso cha dziko lina. Jude Montis adagwira ntchito pamishonipo zaka pafupifupi 20 ndipo adasiya mkazi ndi ana. Manyuzipepala ambiri akunja adamutchula m'ndime yachitatu kapena yachinayi.

Omwe alibe kothawira

Katundu wamkulu wa mishoni ku Haiti akusenza ndi eni dziko.

Pa 19 Janyuwale 2024 masisitere 6 a chipani cha Anna Woyera adatsitsidwa m'basi pakati pa likulu. Papa Francis adawapempherera poyera n'kupempha kuti amasulidwe. Episkopi Pierre-André Dumas wa dayosizi ya Anse-à-Veau ndi Miragoâne adalengeza kuti zigawengazo zitenge iye m'malo mwa masisiterewo. Adamasulidwa patatha masiku 5. Mwezi wotsatira, nyumba yomwe episkopiyo adafikira ku Port-au-Prince idaphulika, ndipo adapsa kwambiri mpaka adakamugoneka m'chipatala ku Miami.

Mu Okutobala 2024 zigawenga zidaba katundu n'kutentha nyumba ya masisitere a Missionaries of Charity ku Bas Delmas. Nyumbayo adaitsekula ndi Mayi Teresa wa ku Calcutta mu 1979, ndipo amphawi zikwizikwi ankalandirirapo mankhwala mwaulere chaka chilichonse, kuphatikizapo a m'makomboni momwe zigawengazo zimachokera.

Pa 31 Malichi 2025 zigawenga zidalowa m'tauni ya Mirebalais, kutali ndi likulu, n'kupha masisitere awiri a ku Haiti komweko, Evanette Onezaire ndi Jeanne Voltaire. Patapita masiku ochepa arkiepiskopi wa Port-au-Prince, Max Leroy Mésidor, adati maparishi 28 a m'dayosizi yake adali atatsekedwa ndipo ena 40 ankangoyenda motsimphina.

Parishi ikatsekedwa ku Haiti, chimene chatha si Misa yokha. M'dzikomo sukulu zoposa 80 mwa 100 zilizonse si za boma, ndipo zambiri mwa izo n'za mipingo. Zipatala zambiri n'chimodzimodzi. Belu la tchalitchi likasiya kulira, ndiye kuti la sukulu nalo lasiya, phala la ana latha, ndipo mayi woyembekezera alibe kopita.

Zikwanje sizidathandize

Potopa ndi zonsezi, anthu ena adaganiza zodziweruzira okha. Mu Epulo 2023 khamu la anthu ku Canapé-Vert, mumzinda wa Port-au-Prince, lidalanda kwa apolisi anyamata oposa 10 omwe ankawaganizira kuti ndi zigawenga, n'kuwamenya ndi kuwatentha. Mchitidwewu udafalikira ndi dzina loti Bwa Kale. Ulendo wa Pastor Marco udachitika m'nyengo yomweyo ya mkwiyo.

Kwa miyezi ingapo kuba anthu kudachepa, koma kudabweranso mwamphamvu, ndipo ena mwa ophedwa ndi makamuwo adali osalakwa, ongolephera kufotokoza komwe akuchokera. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: zigawenga zimakhala pakati pa anthu, ndipo mwala wofuna iwo umaswa mbiya.

Chikhulupiriro chopanda nzeru chapha anthu mbali zonse. Mu Disembala 2024 mtsogoleri wa zigawenga ku Wharf Jérémie, m'dera la Cité Soleil, adalamula kuti anthu aphedwe atauzidwa kuti okalamba a m'deralo ndiwo adalodza mwana wake yemwe ankadwala. Bungwe la United Nations lidati anthu oposa 200 adaphedwa, ambiri a iwo agogo. Ife kuno, omwe tamvapo za agogo ophedwa powanamizira ufiti, nkhani imeneyi si yachilendo m'makutu mwathu.

Mbusa wouza anthu kuti chipolopolo sichiwalowa ndi chigawenga chopha agogo chifukwa cha maula akusiyana zolinga, koma onse awiri adatenga mantha a anthu n'kuwasandutsa maliro. Ndipo onse awiri adatsala amoyo tsikulo.

Nkhondo yeniyeni ndi yolimbirana mwana

Tikafuna kuona pomwe mpingo uli ndi mphamvu, tiyang'ane msinkhu wa onyamula mfutiwo. Mu Novembala 2024 bungwe la Unicef lidati chiwerengero cha ana olembedwa m'magulu a zigawenga ku Haiti chidakwera ndi 70 peresenti m'chaka chimodzi, ndipo mwina theka la mamembala a maguluwa ndi ana.

Mwana salowa gulu chifukwa chokonda kupha. Amayamba ndi kutumidwa: kukagula chakudya, kukhala pamphambano n'kumaimba foni apolisi akamabwera. Amapatsidwa mbale ya mpunga ndi kandalama. Atsikana amaphika, kuchapa, ndipo ambiri amagwiriridwa. Sukulu itatsekedwa, makolo atathawa, m'mimba muli gwa, gulu ndilo limakhala bambo ndi mayi.

Sisitere Luisa Dell'Orto wa ku Italy adazindikira zimenezi. Adakhala ku Haiti zaka 20, ndipo ankayendetsa malo otchedwa Kay Chal m'komboni ina ya likulu, komwe ana osauka ankapita kukawerenga, kulemba ntchito ya kusukulu ndi kusewera. Adaomberedwa pamsewu pa 25 Juni 2022. Sadanyamulepo chikwanje, koma mwana aliyense yemwe adakhala pabenchi la Kay Chal masana adali mwana yemwe sadaime pamphambano ndi foni ya zigawenga.

Ntchito yotereyi siioneka pa kanema. Ndi ya mphunzitsi yemwe amatsekula kalasi m'bwalo la tchalitchi lodzaza ndi othawa nkhondo, ya mbusa wa kampingo kakang'ono yemwe amapita kwa mkulu wa zigawenga kukapempha kuti galimoto ya madzi idutse, ya amayi a mpingo ophika m'mapoto akuluakulu. Nayonso ili ndi minga yake. Wokambirana ndi zigawenga amaoneka ngati mnzawo, ndipo makamu okwiya sachedwa kumuloza chala. Koma m'mera mpoyamba, ndipo pamenepa ndi pomwe mpingo ungachite zomwe mfuti singachite.

Zomwe mpingo sungathe

Tisanamizane kuti pemphero ndi phala zokha zingabweze likulu. Kumanga wakupha ndi kutseka doko lolowera mfuti ndi ntchito ya boma.

Mu Juni 2024 apolisi a ku Kenya adayamba kufika ku Haiti pa chilolezo cha United Nations. Gululo linkayenera kukhala la anthu 2 500, koma lidangofika pafupifupi 1 000, lopanda ndalama ndi zipangizo zokwanira, ndipo ena mwa Akenyawo adafera komweko. Pa 30 Sepitembala 2025 nthambi ya zachitetezo ya bungweli idavomereza gulu lina lalikulupo, la anthu okwana 5 500, lokhala ndi mphamvu zomenyana ndi zigawenga mwachindunji.

Ngakhale asilikali atachuluka chotani, akadzachoka adzasiya ana omwe adaphunzira kugwira mfuti asanaphunzire kugwira cholembera. Wina adzayenera kuwalandira, kuwakhazika pansi ndi mabanja omwe adawalakwira, ndi kuwaphunzitsa ntchito. M'dziko lomwe andale adataya chikhulupiriro cha anthu, ntchito imeneyo idzagwera omwe sadathawe.

Ndiye pa njira zitatu zija, zaka zimenezi zatiphunzitsa chiyani? Kuthawa kumapulumutsa yemwe ali ndi kothawira. Zikwanje zidangowonjezera manda ku Canaan. Chomwe chagwira moyo wa anthu ndi kukhala pomwepo, maso ali tcheru, osadzinamiza kuti Mulungu walonjeza kuti chipolopolo chidzakhota. Masisitere a ku Mirebalais sadafe chifukwa chikhulupiriro chidawachepera.

Haiti ili kutali, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno kwathu nakonso sukulu ndi zipatala zambiri zili m'manja mwa mipingo. Kuno nakonso taonapo anyamata a zikwanje akubalalitsa zionetsero masanasana, monga zidachitikira ku Lilongwe mu 2024 ndi 2025. Ku Port-au-Prince zidayambanso choncho, ndi anyamata ochepa, kandalama ndi bwana wowatuma.

Choncho mukamapita kukapemphera mawa, taonani anyamata omwe akhala pasiteji ya basi kapena kuseri kwa msika nthawi ya mapemphero. Kodi pampingo panu alipo yemwe amawadziwa maina?